Wa Mfuti ya Kumchira

Mchombo wa mwana unagwa Lachisanu m'mawa. Mphatso anaupeza m'thewera pomusintha, nkuitana amake ali panja.

"Amama, bwelani muone. Wagwa."

Ba Edna anasiya hamala pa mulu wa miyala, nkupukuta manja pachitenje. Ntchito yawo inali imeneyo, kuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga, pamphepete pa msewu ku Kalingalinga. Analowa m'nyumba, nkuona kamchombo kouma bwinobwino, pamimba pa mwana popanda chilonda. Anali mwana wamwamuna, woyamba wa Mphatso, ndipo anali asanapatsidwe dzina. Dzina limadikira mchombo. Komanso la mwana woyamba limachokera kuchimuna, ndiye kuti kwa makolo a Mwango, mwamuna wa Mphatso, dalaivala wa minibasi za ku Mandevu.

"Natuma kale foni," anatero Mphatso. "Batata bawo ba Nkole bazabwela mailo, pa Chiwelu. Bakamba ati dzina ni Sampa."

Ba Edna anatukula mutu. Maso awo anapita kukhoma, pamwamba pa kabati ya mbale. Pamenepo panapachikidwa chitsulo chachikulu ngati thireyi, chopepuka, chong'ambika m'mbali, utoto wake wobiriwira utafwifwa. Chinali ndi timisomali ta mitu yobulungira m'mizeremizere, tizithunzi ta mabomba tojambula ndi utoto wachikasu, ndipo pansi pake panalembedwa dzina loti Edna.

Mphatso anawaona kumene akuyang'ana.

"Amama, osayamba. Napapata. Muzanichititsa nsoni ku chikwati."

Aliyense wokulira mu layini imeneyo ankachidziwa chitsulocho. Bambo a ba Edna, malemu a Blackson Chimwaza, anali a ku Dedza. Ali mnyamata analembedwa usilikali wa Keyala nkupita kunkhondo ku Burma. Atabwerako sanakhalitse kumudzi, anadzapeza ntchito ya ulonda ku mayadi a Lusaka, nkumanga nyumba ya zidina ku Kalingalinga. Katundu amene anabwera naye kuchokera kunkhondo anali chipsera chachikulu pa mkono wamanja ndi chitsulo chimenechi, chibenthu cha ndege ya mabomba ya Amereka.

M'ndegemo munkayenda anyamata asanu. A Blackson anatenga mayina awo nkuyamba kupatsa ana awo mmodzimmodzi, monga ankabadwira. Woyamba Mike, woyendetsa ndege. Wachiwiri Victor, wothandiza woyendetsa. Kenako Lloyd, wa mapu ndi mabomba, ndi Harvey, wa wailesi. Atabadwa mtsikana anati, "Ndege yafika," nkumutcha Edna. Linatsala dzina limodzi, la Lester, wa mfuti ya kumchira, amene sanabwerere kwawo. Atabadwa mwana wamwamuna womaliza, mayi awo anakanitsitsa.

"Ine sindinamve kuwawa miyezi yonseyi kuti mwana wanga asenze maliro a mzungu," anatero. Mwanayo anamutcha Kumbu.

Lamulungu lililonse m'mawa, asanapite kutchalitchi, a Blackson ankaimika ana awo perete pabwalo. Anyamata pamzere, Edna pakati atatambasula timanja ngati mapiko. Iwo ankaima chilili nkuyamba kuitana.

"Mike!"

"Alipo!"

"Victor!"

"Alipo!"

Mpaka Edna. Ndiye ankaitana, "Lester!" Pabwalo pankakhala zii, Kumbu atazolika. A Blackson ankadikira pang'ono, nkumenyetsa phazi pansi, nkuyankha okha, "Alipo!" Ana a aneba ankaseka pa mpanda, koma akuluakulu odutsa ankavula zipewa.

Adzukulu aamuna anabadwa, koma palibe mpongozi anavomera dzinalo. Wina anati abusa akana, wina anati mwana angadwale. A Blackson atadwala matenda awo omaliza sanalumbiritse munthu, anangofunsa ba Edna powamwetsa phala, "Nanga Lester azimuyankhira ndani?" Atamwalira, perete anatenga Mike. Mike atapita anatenga Victor. Anatha onse mmodzimmodzi, Kumbu ndiye anatsiriza mvula yapitayi. Tsopano ba Edna ankachita perete okha, chamumtima, pomanga duku ya kutchalitchi: kuitana okha, kuyankha okha. Iwo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Mphatso, nayenso mochedwa. Miyendo inali itayamba kutupa, ndipo ankadziwa kuti dzinali likapanda kukhala pa mwana uyu, lidzalowa nawo m'manda.

Anakoka mpando, nkukwerapo, nkutsitsa chitsulo chija.

"Amama!"

"Sinikaba dzina. Nikapempha. Wopempha samangidwa."

Anachikulunga m'chitenje chatsopano, anasamba, nkukwera minibasi ya ku tauni. Kutauni anasintha, kukwera ya ku Mandevu. Kondakitala anafuna kuwalanda katunduyo kuti amuike pansi pa mpando.

"Mami, visimbi ni pansi. Muyenda kugulitsa sikilapu?"

"Sikilapu ni basi yako iyi. Ichi chinaulukapo, iwe unafikapo kuti?"

Anthu anaseka, ndipo ba Edna anachifungata pamiyendo mpaka kukafika.

Ba Nkole, bambo a Mwango, ankakhoma mbaula ndi zidebe kuseri kwa msika wa Mandevu. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, khutu limodzi logontha ndi phokoso la hamala. Kwawo kunali ku Mufulira, kumene bambo awo a Sampa anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka chifuwa chinawatenga. Atawaona ba Edna akubwera pakati pa malata, anaponya hamala pansi.

"Ah ah! Ba sebele! Mbeba zasila ku Kalingalinga kuti mubwele kusakila kuno?"

"Nabwela kuona ngati pakali nyani olo mumodzi mu Mandevu, kapena munadya onse."

"Tinasiyako mumodzi, ndiye anakwatila mwana wanu!"

Anaseka onse, nkugwirana chanza. Umu ndi mmene aBemba ndi anthu akum'mawa amakhalira. Amati chimbuya: kutukwanana pamsewu, koma maliro akagwa kwa mnzako, ndiwe wokumba manda, wophika ndi woseketsa ofedwa. A kwa Chimwaza, ngakhale mizu yawo inali ya ku Malawi, ankawerengedwa akum'mawa.

Ba Nkole anawakankhira kabenchi. Ba Edna sanakhalepo. Anayala chitenje pansi, pa zidutswa za malata, nkugwada. Ba Nkole anasiya kuseka. Anauza anzawo awiri amene ankakhoma nawo kuti akayambe apuma.

"Mwana ali bwino?"

"Ali bwino. Nabwela na pempho, ba sebele. Niziba kuti dzina ni lanu. Sinikana."

Anamasula chitsulo chija nkuchiika patsogolo pawo. Ba Nkole anali atachionapo pakhoma tsiku la malowolo, koma anali asanachigwirepo. Anachinyamula, nkuchipepesa m'manja, nkuchigogoda ndi chikhadabo. Anayendetsa chala pa mizere ya timisomali.

"Aluminiyamu ya kudala iyi. Onani ma liveti mwamene yayendela, palibe yokhota. Koma apa pali chigamba. Uyu anakhoma chigamba ni munthu wina, anali mu changu."

"Chigamba icho chili na nkhani yake," anatero ba Edna.

Ndipo anayamba kufotokoza. Mawu awo anasintha osadziwa, Chinyanja cha mu komboni chinachoka, kunabwera Chichewa cha bambo awo, chija cha ku Dedza, monga ankainenera nkhaniyi Lamulungu lililonse.

"Ndege iyi inabadwira ku Amereka, mu fakitale. Mtundu wake ankati B-25, ya mainjini awiri, mchira wake wa mphanda. Anyamata asanu anaitenga ili yatsopano. Dzina anaipatsa la mayi wina wogulitsa tiyi pafupi ndi kumene ankaphunzirira kuuluka, amene ankawakalipira ngati ana ake. Anaiwulutsa kudutsa nyanja, kudutsa Africa yathu yomwe ino chakumtunda uku, mpaka ku India. Ntchito yake inali kuthyola milatho ndi njanji m'dziko la Burma, kuti aJapani asadutsitse zida ndi chakudya. Ulendo uliwonse akabwerako amoyo ankajambula kabomba kamodzi. Si timeneti mukutionati. Tina tinatsala ku mbali imene inapsa.

"Tsiku lina inabwerera ndi injini imodzi. Tsiku lina inabwera yobowokabowoka, munthu ali m'kati nkumaona dzuwa ngati ali pansi pa lichero lakutha. Amakaniko ankadula zigamba ku ndege zina zakufa nkumata. Akuluakulu anafuna kuwapatsa ina yatsopano, iwo anakana, ati Edna amadziwa njira ya kunyumba."

Ba Nkole anatembenuza mutu kuti khutu labwino likhale kwa iwo.

"Ulendo womaliza unali wa nthawi ya mvula. Mlatho anaugwetsa, koma mfuti za pansi zinawapeza. Injini inagwira moto. Mike analamula kuti onse adumphe ndi maambulera awo aja. Harvey, wa wailesi, anakwawira kumchira nkupeza Lester walasidwa m'mimba ndi m'miyendo, sangadumphe. Anauza Mike. Mike anati, enanu dumphani, ine nditera naye. Palibe anadumpha, ba sebele. Onse anayi anakhala. Anaigwetsa chamimba m'dambo la mpunga, mphuno inathyoka nkugwera uko, kumchira moto.

"Atate anali pafupi ndi anzawo, akuyendera tchire. Anathamangira. Anayi aja anatuluka okha, wina atathyoka mwendo. Atate ndiwo analowa kumchira nkumukoka Lester. Mkono uja unapsera pamenepo. Machira analipo amodzi, anaikapo wothyoka mwendo. Lester atate anamubereka kumsana ndi bulangeti, ngati mmene mayi aberekera mwana. Matope ofika m'mawondo, misundu, mvula osakata. Mnyamatayo ankayankhula Chizungu chake kukhutu kwawo, iwo nkumamuyankha Chichewa, ati limba mwanawe, tafika. Ankamva mpweya wake pakhosi apa. Ndiye penapake m'njira anangomva kuti pakhosi pazizira."

Kumsika wina ankaitanira makala.

"Sajeni anati kumbani msanga, adani ali pafupi, kadzenje kokwana kubisa. Atate anakana. Anakumba ndi chikwanje manda enieni, akuya, ndi kachipinda kam'mbali kuti dothi lisamugwere kumaso, monga timaikira kwathu. Anamusambitsa nkhope, nkumukulunga m'bulangeti lawo lomwe. Iwo anagona pamvula opanda chofunda mpaka kukafika kumsasa. Mike anali atatola chibenthu ichi pamene mphuno inagwera, kuti apite nacho kwawo. Posiyana anachiika m'manja mwa atate. Anayi aja anabwerera ku Amereka, sitinamvenso za iwo. Mayina awo tinawasenza ife, alongo anga anafa nawo. Latsala la Lester. Ndikupempha mwana uyu."

Ba Nkole anayendetsanso chala pa chigamba chija, chitsulo chili pamiyendo.

"Nkhani ni yabwino, ba sebele," anatero potsiriza. "Batata banu benze mwamuna. Koma munthu uyu anafa imfa yoipa. Chipolopolo, mulilo, kutali na kwawo, osasiya mwana. Ife dzina la so sitipasa mwana, limalema. Elo batata banga ba Sampa ninabauza na kamwa kanga, bali pa bedi, kuti muzukulu woyamba mwamuna ni imwe. Manje nibasiye chifukwa cha muzungu? Si wanu, si wanga. Magazi yake yali kuti mwa mwana uyu?"

"Magazi ake anali pamsana pa atate," anatero ba Edna. "Anauma pamenepo. Kwathu munthu amene wakusambitsa nkukuika m'manda sakhalanso mlendo. Anzake anakana kumusiya m'mwamba. Atate anakana kumusiya m'moto. Ndiye ndimusiye ine?"

Ba Nkole anakanda chibwano.

"Pa malilo paja, panali muBemba?"

Ba Edna anaganiza kuti ayambanso nthabwala, ndipo zinawapweteka.

"Kunalibe. Gulu lawo linali la aNyasa okhaokha."

"Olo mumodzi?"

"Ndati kunalibe."

"Hmm." Ba Nkole anachikulunga okha chitsulocho m'chitenje, mosamala, nkuwabwezera. "Tizabwela mailo. Muphike nkhuku, osati mbeba."

Anatola hamala yawo. Ba Edna anadzuka movutikira, mawondo atachita dzanzi, nkubwerera.

Kunyumba anapeza nkhani yafika kale. Mphatso maso anali ofiira.

"Bana Mwango, bapongozi bakazi, batuma foni. Ati banyoko bafuna kulowetsa chibanda mu mwana. Mwamvela? Chibanda! Ine nizankala bwanji na bapongozi banga manje?"

"Ndapempha, andikaniza. Zatha. Ukhala bwino."

Anakwera pampando nkubwezera chitsulo pa msomali wake. Kenako anatuluka kukagwira nkhuku.

Loweruka alendo anafika dzuwa litakwera, pa minibasi ya Mwango. Anatsika ba Nkole atavala jekete, akazi awo bana Mwango, ndi Mwango mwini atanyamula thumba la sopo ndi matewera. Bana Mwango anapereka moni wa m'mano. Ba Edna anayala mphasa pabwalo, pamthunzi wa mpapaya, nkutulutsa mipando ya amuna. Mphatso anatuluka ndi mwana, kutuluka kwake koyamba, nkugwada kumupereka kwa apongozi ake aakazi. Aneba anayamba kusuzumira, chifukwa mwana akamatuluka sipafunika kuitana munthu.

Onse ankadikira kuti ba Nkole amunyamule mwana nkutchula dzina. Koma iwo anavula jekete nkuipachika pampando.

"Mphatso, mayo, nipaseko unga mu mbale. Iwe Mwango, ngena mu nyumba, ubweletse chisimbi chili pa chipupa."

Mwango anayang'ana apongozi ake. Ba Edna anagwedeza mutu kuvomera. Chitsulo chinabwera, ba Nkole anachigoneka pakati pa bwalo. Anatenga mbale ya ufa, nkuima pamwamba pake, nkukweza mawu kuti layini yonse imve.

"Iwe Lester! Iwe! Nikamba na iwe, chipuba! Ndeke yonse ija, mipando ili kutsogolo, iwe unasankha kunkala kumatako?"

Bana Mwango anagwira pakamwa. "Bashi Mwango, mwapena?"

"Nileke, nikamba na mbuya wanga. Iwe Lester, chimwamuna chonse na ndevu, kupapiwa kumusana monga kamwana! Elo unasowa bantu, wasankha wodya mbeba? Unafa na njala, niziba, anakupasa mbeba wakana!"

Ku mpanda wina anaphulika kuseka, ena nkutsatira. Ba Nkole anatembenukira kwa anthu.

"Mvelani, imwe ba Kalingalinga. Munthu uyu anapapiwa na muChewa. Anavala bulangeti ya muChewa. Agona mu manda ya chiChewa. Manje ni mutundu bwanji? Ni wakum'mawa uyu! Ni mbuya wanga! Bantu aba banaika malilo kopanda muBemba, palibe anamutukana, palibe anamuthila unga. Malilo ya so siyasila. Myaka yonse iyi malilo yali mu nyumba, yapachikiwa pa chipupa, ndiye chifukwa dzina inalema. Si imfa yoipa iyayi, ni ulesi wa bantu bakum'mawa. Lelo nabwela kusiliza nchito."

Anatapa ufa nkuwaza pa chitsulo, timabomba tija tonse tinayera. Anatapanso nkupita kwa ba Edna, nkuwathira kumutu, pa duku, nkuwapaka kumaso ndi chikhatho monga achitira anthu a chimbuya kwa ofedwa pobwera kumanda.

"Ofedwa ndimwe. Lilani kansi! Olo munaiwala kulila, muziba chabe kuphwanya myala?"

Ba Edna anafuna kuwabwezera chipongwe. Nkhani imeneyi anaimva kuyambira ali kamwana, anainena kwa aphunzitsi, kwa amuna awo, kwa aliyense wofunsa za chitsulo, ndipo sanagwetsepo msozi. Pa perete salira. Koma ufa utawafika m'maso, anangomva mawu akutuluka okha, kulira kwenikweni kwa pamaliro.

"Mlongo wanga ine! Lester mlongo wanga! Unagona patali, mwana wa eni!"

Analira Lester, nkulira Mike ndi Victor, Lloyd ndi Harvey, nkulira Kumbu amene anakula atazolika pa perete. Amayi achikulire a mu layini, amene ankawadziwa anyamata onsewo, analowa pabwalo nkukhala nawo pamphasa, nkulandira kulirako. Mphatso analira nawo. Ba Nkole anawasiya alire, iwo akuzungulira ndi mbale yawo, kuthira ufa aliyense wakum'mawa amene anamupeza, mpaka mayi wina wa ku Katete anawathamangitsa ndi tsache. Kulira kunasanduka kuseka, ena akuchita zonse ziwiri.

Zitazizira, ba Nkole anasamba m'manja, nkuvala jekete yawo, nkukhala pampando.

"Yasila malilo. Leta mwana."

Bana Mwango sanamupereke msanga.

"Nanga batata banu? Munabalonjeza. Muzabauza chani ba Sampa?"

Ba Nkole anayang'ana pansi. Atayankha, mawu awo analibe nthabwala.

"Nizabauza neka. Nizayenda ku Mufulira, nikasese pa manda, nibauze. Batata bali na manda yamene tiziba, bali na bana, bali na bantu bobaitana. Mwango akali mwaiche, bana bazabwela, Sampa azapezeka. Uyu alibe wina. Elo batata benze ba pansi pa mugodi. Kuja munzako akatsekeledwa na myala simuchoka mpaka mumutulutse, olo afe. Bazamvela."

Anatambasula manja. Bana Mwango anayang'ana amuna awo, anayang'ana ba Edna ali mbuu ndi ufa, nkupereka mwana.

"Koma akayamba kulila osaleka, ninshi akana dzina. Tizachinja."

"Akakana tizachinja," anavomera ba Edna. Mwambo umenewo unali wa mbali zonse ziwiri.

Ba Nkole anamukweza mwanayo pang'ono, nkumuyang'ana kumaso.

"Iwe mwaiche, ndiwe Lester. Lester Nkole. Unkale munthu wamene banzake sibamusiya."

Anthu anadikira, maso ali pa mwana. Mwana anatsegula diso limodzi, anakwinya nkhope ngati ayamba, nkuyasamula, nkugonanso. Amayi anaimba nthungululu. Bana Mwango anapukusa mutu, koma anamulandira mdzukulu wawo nkumutchula dzinalo kawiri chapansipansi, kuliyesa pakamwa.

"Manje ba sebele," anatero ba Nkole, "perete ija namvela mbili yake. Itanani tione ngati ni zoona."

"Perete ndi ya Lamulungu."

"Ah, ba mbeba na malamulo! Itanani, nkhuku izazizila."

Ba Edna anadzuka. Sanasanse ufa. Anaima pamene bambo awo ankaima, pafupi ndi khomo, nkuwongola msana mmene ukanathera. Chimwalirire Kumbu mayinawa anali asanatuluke mokweza pabwalo limeneli.

"Mike!"

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe okha, koma mdala wina wa kuseri kwa mpanda, amene ankasewera mpira ndi Mike ali ana, anawatsogolera.

"Alipo!"

"Victor!"

"Alipo!" Apa anayankha ambiri.

"Lloyd!"

"Alipo!"

"Harvey!"

"Alipo!"

"Edna!" Anadziitana okha, nkudzimenya pachifuwa. "Alipo!"

Anapuma. Ndiye anaitana lomaliza.

"Lester!"

Pabwalo panakhala zii, monga kale. Phazi la ba Edna linanyamuka lokha kuti limenye pansi. Koma Mwango anali atatenga mwana kwa amake. Anaimirira, dalaivala wa minibasi, miyendo pamodzi ngati msilikali, mwana ali pachifuwa.

"Alipo, bamayo!"

Ba Edna anatsitsa phazi pang'onopang'ono. Anati atembenuke azikapakula, ba Nkole anawaimitsa ndi dzanja.

"Mwasiliza? Ndeke yakwana, nanga wamene anapapa? Sanali kuziitana?"

Ba Edna anaima. Zinali zoona. Zaka zonse zija bambo awo ankaitana ena, dzina lawo silinamvekepo pa perete, ndipo palibe mwana anaganizapo.

Ba Nkole anaimirira, nkumanga batani la jekete, nkukuwa ndi mawu a munthu wogontha khutu limodzi, mpaka ophwanya miyala kumsewu anatukula mitu.

"Blackson Chimwaza!"

Ba Edna anamenyetsa phazi pansi, ufa nkugwa kuchoka pa duku.

"Alipo!"